Chidulo cha Agogo ndi Funso la Mchere

Mawu oyamba

Ndili mu Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndinalakwa funso la Chemistry limene mpaka lero sindinaliiwale. Aphunzitsi anatipatsa mayina a zinthu zitatu: sodium chloride, sodium carbonate ndi ammonium chloride. Anati tinene ngati madzi osungunuliramo chinthu chilichonse mwa zitatuzi angakhale asidi, alikali kapena apakatikati. Ine sindinachedwe nalo funsolo. Buku linkati zinthu zitatu zonsezo ndi mchere, ndipo tinali titaphunzira kuti asidi akakumana ndi besi amaphana mphamvu n'kubala mchere ndi madzi. Choncho ndinalemba kuti madzi onsewo ndi apakatikati. Aphunzitsi anandichonga yankho limodzi, awiri enawo anawathetha ndi cholembera chofiira.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti mutu wanga sugwira sayansi. Lero, pamene ndikuphunzira za ziyankhulo, ndazindikira kuti chimene chinandigwetsa ndi liwu loti mchere. Nditamva liwulo, maganizo anga anathamangira ku mchere umene timathira m'ndiwo, ndipo ndinayesa kuti michere yonse ili ndi khalidwe limodzi. M'nkhani ino ndifotokoza chimene asidi, besi ndi mchere zili, komanso chifukwa chimene madzi a michere ina sakhala apakatikati. Ndigwiritsa ntchito chidulo, pakuti ndicho chinanditsegula maso.

Asidi ndi besi

Asidi timamudziwa ndi lilime tisanamudziwe ndi buku. Mandimu, bwemba, malambe, chambiko ndi thobwa logona, zonsezi zimawawasa chifukwa muli asidi. Ngakhale liwu la Chingerezi limene tinabwerekalo linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chowawasa. Komabe lilime si muyeso wabwino, chifukwa alipo asidi ena, monga wa m'batire ya galimoto, amene amanyeketsa khungu ndi zovala. N'chifukwa chake lamulo loyamba la m'labotale ndi loti tisalawe kanthu.

Besi ndi mdani wake wa asidi. Besi amene amasungunuka m'madzi amatchedwa alikali. Madzi a alikali amaterera ukawagwira ndi zala, ndipo amawawa m'malo mowawasa. Sopo, laimu ndi madzi a phulusa zili m'gulu limeneli.

Kuti timvetse kusiyanaku, tiyenera kuyang'ana madzi enieniwo. Kachidutswa kakang'onong'ono ka madzi, kamene timakalemba kuti H₂O, kali ndi maatomu awiri a hydrogen ndi atomu imodzi ya oxygen. Tizidutswa tochepa kwambiri ta madzi timagawika pawiri n'kukhala tinthu tonyamula mphamvu ya magetsi totchedwa maayoni: ayoni ya H⁺ ndi ayoni ya OH⁻. M'madzi oyera maayoni awiriwa amakhala ochuluka mofanana, ndipo ndi pamene timati madziwo ndi apakatikati. Katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anafotokoza m'zaka za m'ma 1880 kuti asidi amachulukitsa H⁺ m'madzi pamene besi amachulukitsa OH⁻. Mu 1923 akatswiri awiri, Johannes Brønsted wa ku Denmark ndi Thomas Lowry wa ku England, aliyense payekha, anawonjezera mfundo yakuti asidi ndi chinthu chopereka H⁺ ndipo besi ndi chinthu cholandira H⁺. Mfundo yachiwiriyi tiisunge, chifukwa ndi imene itithandize pa nkhani ya chidulo.

Muyeso wa pH

Pofuna kudziwa kuchuluka kwa H⁺ m'madzi timagwiritsa ntchito muyeso wa pH, umene anauyambitsa Søren Sørensen mu 1909 ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen. Kusukulu timauwerenga kuyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi oyera ali pa 7. Nambala yochepera 7 imasonyeza asidi, yoposa 7 imasonyeza alikali. Madzi a mandimu ali cha m'ma 2, a tomato cha m'ma 4, a mvula pafupifupi 5.6, magazi a munthu pafupifupi 7.4, ndipo madzi a soda wophikira amapitirira 8 pang'ono. Chofunika kudziwa ndi chakuti kusuntha ndi nambala imodzi kumatanthauza kusiyana kakhumi. Madzi a pH 4 ali ndi H⁺ wochuluka kakhumi kuposa a pH 5, ndiponso ka 100 kuposa a pH 6.

M'kalasi timayeza ndi kapepala ka litmus, kamene kamafiira mu asidi n'kusanduka ka buluu mu alikali. Koma ngakhale kumudzi zoyezera zilipo. Aliyense amene anafinyirapo ndimu mu tiyi wopanda mkaka anaona tiyiyo akuwalirako. Mukathiramo soda, tiyi yemweyo amada. Madzi ofiira a chidede nawo amasintha n'kuyamba kubiriwira akakumana ndi madzi a phulusa. Utoto wa m'zomera zimenezi umasintha maonekedwe malinga ndi kuchuluka kwa H⁺, monga momwe litmus amachitira.

Chidulo

Sabata imene ndinalakwa funso lija, ndinapita kwa agogo anga aakazi. Unali mwezi wa Julaye, nthawi imene kwathu ku Dedza chisanu chimaluma ndipo ndiwo zamasamba zaziwisi zimapezeka kwa okhawo ali ndi madimba. Ndinawapeza atamasula chikwatu cha mfutso, akukonza chidulo. Anali atatentha zitsononkho za chimanga pamodzi ndi makoko a nyemba. Phulusalo analiika m'chitini chobooledwa pansi, atayalamo timaudzu, kenaka anathiramo madzi. Madziwo ankadontha pang'onopang'ono m'mbale, ofiirira ngati tiyi wosukuluka. Nditaviikamo chala, anaterera ngati sopo.

"Agogo, kodi chidulochi kwenikweni n'chiyani?" ndinafunsa.

"Iwe mdzukulu wanga, sukulu yonseyi osadziwa chidulo? Umenewu ndi mchere wa makolo. Kale mchere wa m'sitolowu unkasowa, amayi anga ankadalira phulusa lomweli."

"Ndiye mungathire chidulo m'malo mwa mchere?"

Anaseka. "Ntchito zake n'zosiyana. Mchere ndi wokoleretsa, chidulo n'chofewetsa. Ukachulutsa chidulo ndiwo zimangoti phwetete, ndipo zimayabwa pakhosi."

M'mawu ochepawa agogo ananena zinthu ziwiri zimene ine ndinalephera kuziphatikiza pa mayeso: chidulo ndi mchere, koma khalidwe lake si la mchere wa m'ndiwo. Lolemba lotsatira ndinatenga chidulo m'kabotolo kupita nacho kusukulu. Aphunzitsi anaviikamo kapepala kofiira ka litmus ndipo kanasanduka ka buluu nthawi yomweyo. Anafinyiramo ndimu, chidulo chija chinachita thovu. Chotsalacho anachiwiritsa m'kambale mpaka madzi anaphwa, ndipo pansi panatsala timibulu totuwa tooneka ngati mchere.

Zimene zinachitikazi zili ndi tanthauzo lake. Chomera chikamakula chimayamwa potassium ndi calcium m'nthaka. Chikapsa, zinthuzi zimatsala m'phulusa, makamaka ngati potassium carbonate ndi calcium carbonate. Potassium carbonate amasungunuka msanga m'madzi, pamene calcium carbonate, makala ndi mchenga zimatsalira m'chitini muja. Choncho agogo akamadontheza chidulo amakhala akulekanitsa chosungunuka ndi chosasungunuka, ntchito yomwe ife timachita ndi pepala losefera m'labotale. Kuterera kuja kumabwera chifukwa alikali amasandutsa mafuta a pakhungu kukhala sopo. Thovu lija ndi mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka asidi akakumana ndi carbonate. Ndi thovu lomwe amayi amaliona akathira tomato mu therere la soda, ndiponso ndi mpweya womwe umafufumitsa chigumu.

Nditafika ku yunivesite ndinadzapeza kuti mawu a sayansiwo anabadwiranso m'phulusa. Liwu loti alikali linachokera ku Chiarabu, ndipo linkatanthauza phulusa la zomera. Dzina loti potassium linachokera ku liwu loti potash, kutanthauza phulusa la mumphika, chifukwa Azungu nawo ankadontheza phulusa n'kuwiritsa madzi ake mumiphika kuti apangire sopo ndi magalasi. Humphry Davy ndiye anayamba kupatula potassium payekha mu 1807 ku London. Chilembo cha K chimene chimaimira potassium chinachokera ku dzina loti kalium, limene muzu wake ndi liwu la Chiarabu lomwe lija. Apa mpamene ndinaona kuti agogo ndi buku la Chemistry ankanena za chinthu chimodzi.

Mchere umatengera kholo lamphamvu

M'chiyankhulo cha sayansi, mchere ndi chinthu chilichonse chimene chimabadwa asidi akakumana ndi besi. Ndi dzina la banja lonse, osati la mwana mmodzi. Mchere wa m'ndiwo, sodium chloride, ndi mmodzi chabe mwa ana a m'banjali. Soda ndi mchere, laimu wothira m'munda ndi mchere, feteleza wa ammonium sulphate nayenso ndi mchere.

Makolo a mcherewo amasiyana mphamvu. Asidi wamphamvu, monga hydrochloric acid amene alinso m'mimba mwathu, akalowa m'madzi amataya H⁺ wake yense. Asidi wofooka, monga wa mu vinega kapena carbonic acid wa mu zakumwa za thovu, amataya H⁺ wochepa chabe, wambiri n'kumuumirira. Chimodzimodzinso besi: sodium hydroxide ndi potassium hydroxide ndi amphamvu, pamene ammonia ndi wofooka. Achewa amati make mbuu, mwana mbuu. Mchere nawo umatengera kholo limene linali lamphamvu, ndipo pali magulu atatu ofunika kuwadziwa.

Gulu loyamba ndi la mchere wobadwa kwa asidi wamphamvu ndi besi wamphamvu. Sodium chloride ali m'gululi. Akasungunuka amagawika kukhala Na⁺ ndi Cl⁻, ndipo maayoni awiriwa salanda kapena kupereka H⁺ ku madzi. Madziwo amakhalabe pa pH 7. Yankho limodzi limene ndinakhoza lija linali limeneli.

Gulu lachiwiri ndi la mchere wobadwa kwa asidi wofooka ndi besi wamphamvu. Muno ndi mmene muli chidulo ndi sodium carbonate wa pa mayeso uja. Potassium carbonate akasungunuka amagawika kukhala K⁺ ndi CO₃²⁻. Ayoni ya potassium imangokhala phee. Koma ayoni ya carbonate inachokera kwa asidi woumira uja, amene sakonda kukhala wopanda H⁺. Choncho imalanda H⁺ ku kachidutswa ka madzi, n'kusiya OH⁻ ali yekha. Zikachitika kambirimbiri, OH⁻ amachuluka ndipo madziwo amakhala alikali. Malinga ndi mfundo ya Brønsted ndi Lowry ija, carbonate ndi besi, chifukwa walandira H⁺.

Gulu lachitatu ndi la mchere wobadwa kwa asidi wamphamvu ndi besi wofooka, monga ammonium chloride ndi ammonium sulphate. Kuno zinthu zimatembenuka. Ayoni ya ammonium, NH₄⁺, imataya H⁺ wina m'madzi, ndipo madziwo amakhala asidi pang'ono. Kuchitachita kumeneku pakati pa mchere ndi madzi kumatchedwa hydrolysis.

Mumphika, m'mimba ndi m'munda

Wina akhoza kufunsa kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kupatula kukhoza mayeso a MSCE. Phindu loyamba lili mumphika. Alikali amamasula zinthu zimene zimamanga pamodzi timaselo ta masamba, n'chifukwa chake mfutso, denje, chewe ndi chigwada zimapsa msanga zikathiridwa chidulo, ndipo nkhuni sizitha zambiri. Alikali amatetezanso kubiriwira kwa masamba, kumene asidi amakufwifwitsa. Koma pali mtengo wake. Vitamini C ndi vitamini B1 amawonongeka akaphikidwa mu alikali. Ichi ndi chifukwa chimene alangizi a zaumoyo amanenera kuti tisazolowere soda m'ndiwo zonse, makamaka masamba anthete amene amapsa okha. Mfundo imeneyi agogo sankaidziwa, pakuti vitamini saoneka ndi maso. Pamenepa sukulu ili ndi chowauza.

Phindu lachiwiri lili m'thupi. Munthu akamva chilungulira, asidi wa m'mimba amakhala atakwera kum'mero. Anthu ena kumudzi amanyambita phulusa kapena kumwa madzi a soda ndipo amamvako bwino, chifukwa carbonate wapha mphamvu ya asidiyo. Mapiritsi otafuna a chilungulira amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Komabe chilungulira chobwerabwera n'chofunika kupita nacho kuchipatala, chifukwa soda amangoziziritsa ululu osachiza gwero lake, ndiponso ali ndi sodium amene safunika kuchuluka kwa odwala matenda othamanga magazi.

Phindu lachitatu lili m'munda, ndipo kwa ife a ku Dedza limeneli ndi lalikulu. M'madera okwera monga Bembeke, kumene timalima mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi chimanga, mvula imatsuka calcium ndi magnesium m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo nthaka yambiri ndi ya asidi. pH ikatsika kupitirira 5.5, aluminium wa m'dothi amayamba kusungunuka n'kupinimbiritsa mizu, ndipo phosphorus amamangika kotero kuti mbewu zimalephera kumuyamwa. Mbatata ya kachewere imapirirako, koma nyemba zimavutika. Feteleza wa ammonium, ngakhalenso wa urea, akathiridwa zaka zambiri amawonjezera asidi, makamaka tizilombo ta m'nthaka tikamasandutsa ammonium kukhala nitrate n'kumatulutsa H⁺. Mlimi akamadandaula kuti feteleza wagugitsa munda, nthawi zina amakhala akunena zimenezi. Mankhwala ake ndi laimu, amene ndi calcium carbonate, pamodzi ndi manyowa. Ndiponso n'chifukwa chake maungu amakondwa padzala pamene timataya phulusa. Izi sizikutanthauza kuti tizitentha mapesi m'munda, pakuti moto umauluza nitrogen ndi kuwononga chinyowa chimene nthaka ikanapindula nacho.

Mawu atatu osokoneza

Tsopano ndibwerere ku chiyankhulo. Mwana wa ku Dedza amaphunzira Chemistry m'Chingerezi, koma akamalingalira amamasulira mawuwo m'Chichewa chamumtima. Pomasulirapo ndi pamene pamagwa ngozi. Ndapeza mawu atatu amene amasokoneza.

Loyamba ndi mchere, monga ndafotokozera kale. Kunyumba liwuli limaloza chinthu chimodzi, pamene m'kalasi limaloza banja lonse. Mphunzitsi atamanena kuti "mchere wa m'ndiwo" pofuna sodium chloride, ndi "michere" pofuna banja lonselo, ana ambiri sangagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Lachiwiri ndi mphamvu. Chingerezi cha sayansi chili ndi liwu lina lonena za asidi amene amataya H⁺ wake yense, ndi linanso lonena za asidi amene wachuluka m'madzi ochepa. Ife mawu onse awiriwa timawamasulira kuti "wamphamvu". Chikhalirecho ndi zinthu zosiyana. Vinega ngakhale asathiridwe madzi amakhalabe asidi wofooka, ndipo hydrochloric acid ngakhale athiridwe madzi ndowa yonse amakhalabe wa mtundu wamphamvu. Chichewa chili nawo kale mawu olekanitsira zimenezi. Agogo amati chidulo choyamba kudontha n'chokolera, chomalizira n'chosukuluka. Tingathe kusunga "wamphamvu" ndi "wofooka" ponena za mtundu wa asidi, ndipo "wokolera" ndi "wosukuluka" ponena za kuchuluka kwake m'madzi.

Lachitatu ndi soda, ndipo limeneli ndi loopsa. Pali soda wophikira, sodium bicarbonate, amene ndi alikali wofatsa. Pali soda wochapira, sodium carbonate, amene ndi waukali kuposa woyambayo. Palinso soda wopangira sopo, sodium hydroxide, amene si mchere n'komwe koma besi wamphamvu wa pH yofika 13 kapena 14. Onsewa ndi oyera ndipo onsewa timangoti soda. Mwana akameza wachitatuyu amapsa m'kamwa ndi kum'mero, ndipo chilonda chake chikhoza kutseka njira ya chakudya. Apa kulephera kusiyanitsa mawu sikungotayitsa malikisi, kungathe kutayitsa moyo.

Pomaliza

Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Kusekondale, sayansi yakhala ikuphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi. Ine sindikunena kuti tisiye mayina ngati sodium chloride kapena pH, ayi. Amenewa ndi mayina a dziko lonse lapansi ndipo wophunzira ayenera kuwadziwa. Chimene ndikunena ndi chakuti pakati pa liwu la m'buku ndi liwu la kunyumba pamafunika wina wofotokoza pamene mawuwo akugwirizana ndi pamene akusiyana. Ntchito imeneyi ndi ya ife ophunzira za ziyankhulo pamodzi ndi aphunzitsi a sayansi. A Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, kusonyeza kuti Chichewa chingathe kudzifotokoza chokha. Chotsatira chake chiyenera kukhala kusonkhanitsa mawu a kukhitchini ndi kumunda, monga kudontheza, kusungunula, kusefa, kuphwa, kukolera ndi kusukuluka, n'kuwapatsa malire omveka kuti agwire ntchito m'kalasi.

Ena amati tsabola wakale sawawa. Koma chidulo cha agogo chinasandutsa litmus kukhala wa buluu pamaso pa kalasi yonse, ndipo funso lofanana ndi lija litabweranso pa mayeso otsiriza teremu, ndinalikhoza lonse. Nditawauza agogo kuti chidulo chawo ndi potassium carbonate, anayesa kulitchula dzinalo kawiri, lilime n'kuwakanika. Kenaka anandipatsira chitini chija nati, "Kaya mumati chiyani kusukuluko, thira madzi pang'onopang'ono, ungachisukulutse."